BUKU LANU LOYAMBA: MAWU OCHOKERA KWA WA MASIPANALA

Anzanga a m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Makanjira, Malindi, Monkey Bay, Msaka, Chembe, Senga Bay mpaka ku Nkhotakota: Uthengawu ndi wautali, ndiye ngati muli pa ntchito usungeni, muwerenge madzulo injini zikazima.

Chitulukire kabuku kanga ka kasamalidwe ka injini za maboti, mafunso sakutha pa foni panga. Wina ali ndi ndakatulo zodzadza makope awiri. Wina akufuna kulemba mbiri ya agogo ake omwe anali mmisiri wosema mabwato. Achemwali ena ali ndi nkhani ya mtsikana wogula usipa pa doko. Koma funso ndi limodzi: "Aise, unapanga bwanji?" Kuyankha mmodzimmodzi kwandikwana, ndiye ndati ndilembe kamodzi, aliyense atolepo chake.

Mukundidziwa, sindine mphunzitsi. Sukulu ndinalekera Folomu 4, ntchito yanga ndi kumasula ma Yamaha Enduro, kutsuka makabureta ndi kusintha ma impela. Kabuku kangako ndi ka masamba 48 basi, ndipo ndinasindikiza makope 100. Ndiye zimene ndikuuzeni apa ndi zimene ndinazigwira ndi manja awa a girizi.

*Chifukwa chake nkhaniyi ndaitenga ngati yanga*

Bambo anga akadzuka m'mawa n'kuyang'ana mitambo ndi mtundu wa madzi, amakuuzani ngati mwera uwombe tsiku limenelo. Amadziwa kusiyanitsa vuma ndi mpoto bwato lisanachoke pa mchenga. Amadziwa malo a utaka poyang'ana mapiri awiri a kumtunda, popanda GPS. Zonsezi zili m'mutu mwawo, palibe pamene zinalembedwa. Akuluakulu a msinkhu wawo akutha mmodzimmodzi, ndipo aliyense akamapita kumanda amanyamula nyanja yake yonse. Chambo chachepa, tonse tikuona. Mawa mwana wanu adzafunsa kuti sanjika kapena mpasa inkaoneka bwanji, inkagwidwa nyengo yanji, mudzamuyankha chiyani?

Azungu abwera, asambira pansi pa madzi ku Cape Maclear, ajambula mbuna, alemba mabuku akuluakulu a nsomba zathu m'Chingerezi. Achita bwino. Koma nkhani ya siginala amene amagona pa bwato ndi nyali usiku wonse, ya mayi amene amayanika usipa pa thandala mvula ili pafupi, ya mwana amene bambo ake sanabwerere tsiku la mwera, adzailemba ndani? Ndi ife, kapena palibe.

Ndipo musaderere kabuku kakang'ono. William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi, anapeza buku la za magetsi mu kalaibulale ka pa sukulu ya pulayimale, n'kupanga makina amphepo opangira magetsi kuchokera ku zitsulo zotayidwa. Mbiri yake inatuluka m'buku mu 2009, kenako filimu mu 2019. Zonsezo zinayamba ndi buku limodzi limene linafika m'manja mwa mnyamata wakumudzi. Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, analemba Nthondo m'chilankhulo chathu chomwechi, buku n'kutuluka mu 1933, mpaka lero dzina lake likutchulidwa. Ndiye zoti Chichewa sichilembeka buku, zisiyeni.

*Njira zilipo ziwiri*

Yoyamba ndi kupereka zolemba zanu ku kampani yofalitsa mabuku. Iwo akazikonda amalipira zonse okha, kukonza, kusindikiza ndi kugulitsa, inu n'kumalandirako kagawo pa buku lililonse logulidwa. Vuto ndi loti makampani athu ambiri amadalira mabuku a sukulu chifukwa ndi amene ali ndi msika, ndiye ndakatulo za mnyamata wosadziwika wa ku doko zimakhala pa mzere wautali. Yesani ndithu, palibe choletsa.

Yachiwiri ndi kudzisindikizira nokha. Apa mwini boti ndinu, woyendetsa ndinu, wogula mafuta ndinu. Phindu ndi lanu, luzi ndi yanunso.

Koma chenjerani ndi anthu apakatikati. Munthu akati "ndine pabulisha" koma akufuna ndalama zanu zonse za kusindikiza, komanso musaine pepala loti bukulo ndi lake, thawani. Ngati mukulipira ndinu, umwini ukhale wanu. Pepala lililonse musanasaine, mupatseni munthu wodziwa Chingerezi bwino aliwerenge mofatsa.

*1. Malizani kaye kulemba*

Ambiri amene mwandifunsa mtengo wosindikizira, buku lenilenilo simunalimalize. Zili ngati kufunsa mtengo wa penti boti musanakhome ndi thabwa limodzi lomwe. Lembani kaye mpaka tsamba lomaliza.

Nthawi tili nayo ife a kunyanja, kungoti timaithera pa bawo ndi mpira. Mwezi ukawala usipa subwera ku nyali, maboti amagona kumtunda. Mwera ukalimba mu June ndi July, masiku ena sitilowa m'madzi. Nyengo yotseka nyanja ilinso pomwepo. Tsamba limodzi pa tsiku, miyezi iwiri muli ndi masamba 60. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Laputopu si yokakamiza. Ine ndinalemba pa foni, mu Google Docs. WPS Office imagwiranso. Chachikulu, zolemba zanu zisakhale malo amodzi. Mnzathu wina foni yake inagwera m'madzi akukoka chilimira, ndakatulo zoposa 30 zinamira nayo, mpaka lero akazikumbuka amangopukusa mutu. Mukalemba, dzitumizireni nokha pa Gmail kapena sungani pa Google Drive. Ngati mumalemba m'kope, jambulani tsamba lililonse, kopelo muziliika mu jumbo.

Amene mukufuna kulemba za akuluakulu, pitani mukakhale nawo pansi, mupemphe chilolezo, mutsegule rekoda ya pa foni. Musawafunse ngati apolisi. Tengani kasopo kapena kashuga, muwasiye alankhule, ngakhale akhotere ku nkhani zina. Afunseninso ngati akulola dzina lawo kulowa m'buku. Ndipo ngati nkhani yanu ikukhudza za manyazi za munthu wamoyo, sinthani dzina ndi mudzi. Kuipitsa mbiri ya munthu ndi mlandu, komanso pa doko timakumana tsiku ndi tsiku.

*2. Lipatseni anthu ena alikonze*

Injini ndikaimanga sindimuuza mwini wake kuti yatheka ndisanaiyese m'madzi. Buku nalonso chimodzimodzi. Pezani anthu atatu. Woyamba wodziwa kalembedwe ka Chichewa, monga aphunzitsi a Chichewa a pa CDSS yapafupi. Wachiwiri wodziwa nkhani imene mwalembayo: ine ndinapatsa mmisiri wamkulu amene anandiphunzitsa ntchito kuti aone ngati zonse za mafuta ndi oilo zili m'malo mwake, chifukwa kulakwitsa pamenepo ndi kuphetsa injini ya munthu pakati pa nyanja. Wachitatu akhale munthu wosakunyengererani. Chibwenzi chanu ndi amayi anu adzangoti "zili bho". Mukufuna munthu woti akuuzeni kuti apa ndinayamba kuwodzera.

WhatsApp yationongera kalembedwe, tivomereze. "Zkm", "bwnj", "ndthu" zisalowe m'buku. Samalani ndi tizinthu ting'onoting'ono: mbale yodyera ndi m'bale wanu ndi zinthu ziwiri, kakoma kamodzi kamasintha zonse. Chilembo cha h musachisiye mu mawu ngati kuphika, nthawi, nkhani. Ku Zomba, pansi pa University of Malawi, kuli Centre for Language Studies, ndi amene amayang'anira malamulo a kalembedwe ka Chichewa, ndipo anatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja. Ngati aphunzitsi anu ali nalo, bwerekani.

Koma mawu athu a kunyanja musawachotse pofuna kumveka ngati a ku Lilongwe. Ngati kwanu mumasakaniza ndi Chiyao kapena Chitonga, asiyeni anthu a m'nkhani yanu alankhule momwemo, kumapeto kwa buku muike tsamba lomasulira mawu ovuta. Mchere wa buku lanu uli pamenepo.

Pomaliza liwerengeni mokweza, lonse. Pamene lilime lapunthwa, pali pofunika kukonza.

*3. Kayalidwe ka masamba ndi chikuto*

Saizi yabwino ya buku loyamba ndi A5, mamilimita 148 m'lifupi ndi 210 m'litali, lomwe ndi theka la pepala la A4. Silitaya pepala, ndiye limatchipa. Zilembo zikhale za saizi 11 kapena 12, kumbukirani kuti ena adzawerenga ndi tochi. Siyani mpata wokwanira m'mbali, makamaka mkati momwe amamangira.

Kabuku kochepa, kosapitirira masamba 60 kapena apo, amakapinda pakati n'kukhoma mastepulo. Kotero masamba ake ayenera kugawika ndi 4, monga 32, 40, 48, chifukwa pepala limodzi likapindidwa limabala masamba anayi. Buku lokulirapo amalimata ndi guluu kumsana, ndipo mtengo umakwera. Mkati pepala wamba la 80 gsm likukwana. Chikuto chikhale cholimba, 250 kapena 300 gsm, ndipo muwauze achikute ndi kapulasitiki konyezimira kaja. Owerenga athu manja awo amakhala onyowa, a mamba, a oilo.

Mkati mwa buku pewani mitundu, zakuda ndi zoyera zokha, mtundu usiyireni chikuto. Zithunzi zikhale zanu kapena zimene mwapempha kwa mwini wake, osangotola pa Google kapena Facebook. Osindikiza amafuna zithunzi za 300 dpi, ndiye potumiza pa WhatsApp tumizani ngati document, chifukwa mukatumiza mwa nthawi zonse chithunzi chimafinyidwa, pa pepala n'kutuluka chambuu. Zonse zikatha, sungani ngati PDF kuti masamba asasokonekere pa kompyuta ya eni makina.

*4. ISBN ndi za malamulo*

ISBN ndi nambala ya manambala 13 imene mumaiona kumbuyo kwa buku pamwamba pa timizere tija. Ili ngati nambala yolembetsera boti: palibe buku lina pa dziko lonse limene lingakhale nayo. Kuno kwathu imaperekedwa ndi National Archives of Malawi ku Zomba, ndipo mukaona mabuku a kuno, pambuyo pa 978 pamabwera 99908 kapena 99960. Popanda ISBN mukhoza kugulitsa pamanja, koma mashopu a mabuku ndi malaibulale amaifuna. Itengeni buku lisanapite ku makina kuti ilowe pa chikuto.

Lamulo la Printed Publications Act limafunanso kuti buku losindikizidwa m'dziko muno lipite kope ku National Archives komweko. Musaone ngati kuluza. Kope limenelo lidzakhalapo ngakhale anu onse atadyedwa ndi chiswe. Kuseri kwa tsamba loyamba lembani dzina lanu, chaka, ISBN, ndi dzina ndi malo a amene asindikiza.

Za umwini: malinga ndi Copyright Act ya 2016, zimene mwalemba ndi zanu kuyambira pomwe mwazilemba, moyo wanu wonse, ndi zaka 50 mutamwalira. Bungwe loyang'anira zimenezi ndi COSOMA, likulu lake lili ku Lilongwe. Ambiri timaganiza kuti ndi la oimba okha, koma ndi la olemba omwe. Kulinso Malawi Writers Union, MAWU, komwe mungakumane ndi olemba anzanu ndi kumva za mipikisano. Mutu umodzi susenza denga.

*5. Kwa osindikiza*

Alipo akale odziwika monga Montfort Media ku Balaka ndi Likuni Press ku Lilongwe, komanso mashopu ang'onoang'ono a makina a digito m'matauni. Kusiyana kwake ndi uku: makina aakulu a offset amayamba apanga mapuleti, ndiye amatchipa mukamasindikiza makope ambiri, mazana angapo kapena chikwi. Makina a digito amalola makope ochepa, ngakhale 20, koma mtengo wa buku limodzi umakwererapo. Kwa woyamba, digito ndi yabwino. Yambani ndi 50 kapena 100. Zikatha mubwerera. Kusunga makatoni a mabuku pansi pa bedi ku nyanja kuno ndi kudyetsa chinyezi ndi mphemvu.

Funsani mitengo malo atatu, onse muwauze zofanana: saizi, masamba, pepala, chikuto, kamangidwe, makope. Akulembereni pa pepala, ndi tsiku lomalizira. Musalipire zonse poyamba, theka likukwana.

Ndipo ichi chigwireni: pemphani kope limodzi loyesera asanasindikize onse. Pa shopu ina imene ndinapitako, kope loyeseralo linatuluka chithunzi cha kabureta chitazondoka, masamba awiri atasinthana malo. Tinakonza pomwepo. Akanakhala atathamangitsa onse 100, bwenzi tikukangana mpaka lero. Khalani pansi, liwerengeni tsamba ndi tsamba, musaine, ndiye ayambe.

*6. Masamu*

Apa ndi pamene ambiri amamira. Manambala awa ndi ongoyerekeza kuti muone kawerengedwe, inu muikemo mitengo ya tsiku limene mukufunsa, poti kwacha sikhazikika.

Tinene kuti kusindikiza makope 100 ndi K3,000 lililonse, ndiye K300,000. Wokonza Chichewa, wopanga chikuto, ISBN, thiransipoti ndi bandulo, tinene K100,000. Zonse K400,000. Pa makope 100 aja chotsanipo 10 opereka ulele: ku Zomba, ku laibulale, kwa amfumu, kwa amene anakuthandizani. Otsala 90. Mukagulitsa pa K6,000, mufunika kugulitsa 67 kuti ndalama yanu ingobwerera. Phindu lili pa 23 otsalawo. Mukasiya ku shopu ya mabuku, nawonso amadulapo gawo lawo. Mwaona? Aliyense wotenga buku pa ngongole akudya phindu lanu lenilenilo.

Ndipo mawu aja tonse timawadziwa: "Ndikupatsa nsomba zikafa." Ine ndimawamva tsiku lililonse pa injini. Pa buku akanitsitseni mwaulemu.

Ndalama yoyambira muipeze mwanzeru. Njira yabwino ndi kulembetsa ogula buku lisanatuluke: onetsani chikuto pa status, ofuna alipiretu pa Airtel Money kapena Mpamba, mayina muwalembe m'kope, tsiku lolonjeza mulisunge. Anthu 30 akalipiratu, pafupifupi theka la ndalama lapezeka, komanso mwadziwa kuti msika ulipo. Chipereganyu chimathandizanso. Koma katapila ayi. Kugulitsa ukonde wa bambo anu kapena kupinyolitsa injini chifukwa cha buku, ayi ndithu. Buku limayenda pang'onopang'ono, chiwongoladzanja chimathamanga.

*7. Kugulitsa*

Buku silidzigulitsa lokha, muyenda nalo ngati mayi wa mandasi. Langa ndimaliika mu bokosi la masipanala, ndikamaliza kukonza injini ndimamuonetsa mwini boti tsamba la vuto lomwe lamuonongetsa ndalamalo. Ambiri amagula pomwepo. Inunso ganizani: owerenga anu amapezeka kuti? Pa doko m'mawa maboti akamakocheza, pa msonkhano wa BVC, ku tchalitchi, ku mzikiti, ku sukulu, pa depoti, ngakhale pa Ilala ikaima. Ngati muli ndi zithunzi zabwino kapena mwaikamo Chingerezi pang'ono, malo ogona alendo ku Cape Maclear ndi Senga Bay yesaniko. Wayilesi za m'madera monga Dzimwe ndi Nkhotakota Community Radio zimafika kumene Facebook sifika, pemphani mpata muwerengeko tsamba limodzi. Kope lina kasiyeni ku nthambi ya National Library Service yapafupi ndi kwanu.

Mwambo wokhazikitsa buku usakudyereni ndalama. Kalasi ya pa sukulu kapena pansi pa mtengo wa mango pakwana. Itanani amfumu, aphunzitsi, eni maboti. Makope oyamba amagulitsidwa mopikisana, ndipo eni zilimira akaona anzawo akukweza mtengo safuna kutsalira, mukuwadziwa.

Za PDF, tcheru. Mukatumizira munthu mmodzi buku lonse pa WhatsApp, mawa lili m'magulu 20, ndipo palibe adzagulenso. Tumizani masamba atatu kapena anayi okha okopa, ndi nambala yanu pansi. Amazon KDP iliko, kuikako buku ndi ulele ndipo amasindikiza munthu akaitanitsa, koma kumbukirani kuti owerenga athu ambiri ali pa doko, sagula pa intaneti. Abale a ku Joni mukhoza kuwatumizira makope kudzera kwa anthu a mabasi ndi a mathiraki, monga timachitira ndi usipa ndi ufa.

*Zoona zake*

Ndisakunamizeni, buku loyamba silikugulirani injini ya 40. Ine ndalama yanga inabwerera, n'kutsalako ya sipanala zingapo zatsopano. Koma pali mnyamata wina wa tsidya la ku Makanjira, sindinamuonepo, anandiimbira kuti injini inawazimira kutali ndi mtunda, anakumbuka tsamba la mapulagi ndi fyuluta ya mafuta, anailiza, anafika kwawo onse asanu ndi awiri. Malipiro ngati amenewo sapezeka pa Mpamba.

Ndiye inu a ndakatulo m'makope awiri, inu a mbiri ya agogo, achemwali a nkhani ya pa doko, ntchito ya sabata ino ndi imodzi: tsegulani foni, lembani tsamba loyamba, mudzitumizire pa Gmail. Amene muli ndi agogo amoyo, pitani Lamlungu likubwerali ndi rekoda, musadikire chaka chamawa. Amene wamaliza kulemba ndipo akufuna munthu wosanyengerera uja, ndilipo, mundipeza pa doko, bola mubwere injini ndisanaitsegule.

Tumizani uthengawu kwa mnzanu amene mukudziwa kuti amalemba mobisa. Olowa m'madzi usiku uno muyang'ane mafuta musananyamuke.